Madontho Atatu a Kyuteksi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Nsipe tilipo, amayi mwendo uja wayamba kupepuka.

Koma ine ndapanikizika. Mukukumbukira mabatani atatu aja a pa kiyibodi ya kompyuta ya kushopu kwanga, munawadonthezera kyuteksi wofiira wopaka zikhadabo, kuti ndikawadina limodzi, pulogalamu yosunga mapasiwedi izindilembera yokha? Lachiwiri denga la shopu linadontha, kiyibodi ija n'kufa. Ndagula ina, koma ilibe madontho. Zaka ziwiri ndakhala ndikungodina pofiira, zilembo zake osaziyang'anako! Ndimati ndikaonere pa yakale ija, ndapeza amayi anaiotcha kale ndi zinyalala.

Ndayesa mabatani onse. Ena akutseka tsamba, ena akudzutsa printa. Imelo sikutseguka, chonsecho kalata yoitana mwana wanga Tamanda ku intavyu ya unamwino ili m'menemo. Tsiku lake sitikulidziwa. Iye akungokhala pakhomo la shopu, satifiketi ili m'manja, kumandiyang'ana. Foni yanunso ikungoitana osayankhidwa.

Chonde ndiuzeni mayina a mabataniwo, limodzilimodzi. Mulungu akusungeni kumeneko. Kyuteksi ndagula kale, ndikungodikira mundiuze pomudonthezera.

Ndine mlongo wanu,
Esinati