Ndinamuchotsera zaka ziwiri, mafupa andiulula

Aphungu,

Ndikulemba nkhope ili pansi. Mwana wanga Jenifa ali ndi mano a m'mwamba otuluka, chibwano chake n'chobwerera m'mbuyo, moti anzake kusukulu amamuseka. Mwezi watha ndinapita naye kwa dokotala wa mano m'tauni. Adokotalawo anati pali kachipangizo kovala m'kamwa kothandiza nsagwada kukula bwino, koma kamagwira ntchito mwana akadali kukula. Atafunsa zaka zake, ndinati 12. Anafunsanso ngati anatha msinkhu. Kwathu zimenezo sitikamba pamaso pa mwamuna, ndiye ndinangopukusa mutu, Jenifa n'kuyang'ana pansi.

Kenako anamujambula dzanja pa ekisire. Ataona chithunzicho anati, "Mayi, mafupa awa atsala pang'ono kumaliza kukula. Kwa mwana wa zaka 12 amene sanathe msinkhu, zikundidabwitsa. Mubwerenso timuyeze magazi."

Aphungu, Jenifa sakudwala. Ali ndi zaka 14, ndipo anakula chaka chatha. Tili ku Nathenje anachedwa kuyamba sukulu chifukwa ndinkamusiyira mng'ono wake ine ndikamapita ku fodya. Titasamukira kuno ndinachita manyazi kulembetsa chimwana cha zaka 8 mu Sitandade 1, ndiye ndinamuchotsera ziwiri. Mwiniwakeyo sadziwa mpaka lero. Tsiku lobwerera ladutsa, sindinapiteko. Nditani?

F.M., Mitundu

Mayi F.M.,

Aphunzitsi munawazembera bwinobwino, koma fupa silinawerenge kaundula wa kusukulu. Pumani kaye. Simuli woyamba kudula zaka za mwana, ndipo dokotala si wapolisi, sapita kukakunenezani kwa ahedi.

Ekisire sitchula tsiku lobadwa, imangoonetsa kukula kumene kwatsala. Mtsikana akatha msinkhu kukulako kumayamba kuchepa, ndiye sabata iliyonse imene mukubisala pakhomo ikudya nthawi yochepa yomwe yatsalira kachipangizo kaja. Manyazi ndi anu, koma amene akuluza ndi Jenifa.

Funafunani khadi lake la sikelo, mubwerere sabata yomwe ino. Ngati za msinkhuzo zikukulemerani pakamwa, pemphani namwino wamkazi, mumunong'oneze mwezi umene Jenifa anakula. Adokotala akamva zoona, mwina zoyeza magazi sizifunikanso. Akanena kuti nthawi ya kachipangizo yadutsa, musataye mtima. Mawaya owongola mano amaikidwa ngakhale kwa akuluakulu, kungoti njira yake imasintha.

Koma musanakwere minibasi, khalani pansi ndi Jenifa, awiriwiri. Mwanayo anamva ndi makutu ake kuti akayezedwe magazi, ndipo mwina akudziyesa wodwala. Muuzeni kuti ali bwino. Muuzeni zaka zake, muuzeninso kuti sanachedwe sukulu chifukwa chopusa ayi, ankakulererani mwana. Akakwiya, mulekeni akwiye.

Chenjerani ndi chimodzi ichi, mayi: Jenifa asakamvere zaka zake pakamwa pa munthu wachilendo, inu mayi ake muli chikhalire pampando pomwepo.