Chimene Ba Mubita Anaona Pamsana Panga

Amayi, mwaswera bwanji kumene muliko? Kodi nakonso kukutentha ngati kuno?

Ndine Tobiyasi. Ndakhala pakhonde paja munkasankhirapo nyemba, ndipo ndikuyesetsa kulemba m'Chichewa chanu chenicheni, osati Chinyanja cha m'tauni chimene munkati chimakuyabwani m'makutu. Chichokereni inu papita chaka ndi miyezi iwiri. Ndayamba kalata ino kangapo n'kuing'amba. Lero ndimaliza.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Mutinta anachira mu Juni, m'nyengo yozizira, mwana wamkazi. Kwawo anamutcha Luyando. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ndendende mmene munkachitira munthu akathira mchere wambiri m'ndiwo. Esinati ali bwino ku komboni ya Linda, ngakhale alamu anachotsedwa ntchito fakitale ya nsalu itatsekedwa. Masiku ano mlongo wanga uja amawoloka mlatho wa pa Zambezi m'mamawa kukapikula majarini ndi buledi kutsidya, n'kudzagulitsa pamsika wa Maramba. Akuti pamlathopo azungu ayamba kumangidwa chingwe m'mapazi n'kudziponya pansi, kenako n'kukokedwa ali moyo. Ndinaseka ndekha poganiza zimene mukananena.

Dimba lanu la kumtsinje ndinalilima. Mvula inadula msanga, ndipo chimanga chimene chinapirira chinadyedwa ndi njovu zitatu m'mwezi wa Malichi. Zinatisiyira maungu asanu ndi ndowe zake. Nkhuku yanu yakuda ija inaswa anapiye asanu ndi awiri, mphamba anatenga atatu.

Ntchito ndidakali pomwe paja. Azungu akatsika Zambezi ndi mabwato awo a mphira, ife timawadikira pansi pa phompho. Timaphwetsa mabwatowo, kuwapinda, n'kukwera nawo pamsana mpaka pamwamba pomwe lole imadikira. Njira yake ndi yoimirira, penapake makwerero a mitengo. Mukukumbuka kuti anzanga a kumudzi wa Mukuni ankanditcha Thirakitala, chifukwa ndinkakwera kawiri ena asanamalize ulendo umodzi.

Dzina limenelo linatha, Amayi. Chimene ndakulemberani ndi chimenechi.

Titangochotsa msasa wa maliro anu ndinayamba kutopa. Sindikunena kutopa kwa munthu amene wagwira ntchito. Kumeneko ndimakudziwa, kumatha ukasamba ndi kugona. Uku kunali kwina. Ndinkagona nkhuku zikamalowa, koma m'mawa ndinkadzuka mapewa ali ndi ululu, ngati ndachezera kuyenda. Kuvala nsapato kokha ndinkapuma kaye. Tsiku lina ndinagona chiimirire pamzere wa pampopi, chidebe chili m'manja. Luyando atabadwa, azimayi anandipatsa kuti ndimuyangate, kamwana kopepuka ngati mtanda wa buledi, koma pasanathe mphindi zingapo mikono inalema ndipo ndinamubweza. Ndinachita manyazi kwambiri.

Munkati thumba lopanda kanthu siliima, ndiye ndinayamba ndi kudya. Mutinta ankandiphikira phala la nsinjiro kusanache. Apongozi anatumiza chigubu cha chibwantu, thobwa lakwawo, kuchokera kumudzi. Tiyi ndinkathira masipuni anayi a shuga. Mowa ndinausiya, ngakhale wa pa Loweruka. Pamsika ndinagula mizu kwa bambo wina amene analumbira kuti imadzutsa ngakhale ng'ombe yogwa, koma inangonditsegula m'mimba masiku awiri. Kutchalitchi anandisanjika manja. Esinati anati mwina pali munthu amene amandilimitsa munda wake ndili m'tulo, ndiye ndizidziyang'ana kumapazi ndikadzuka. Ndinayang'ana sabata yathunthu. Mapazi anali oyera.

Thupi linayamba kutha. Mukudziwa mmene anthu a m'Maramba akuyang'anirana masiku ano munthu akayamba kuwonda. Pamzere wa nyumba zathu pokha taika anthu anayi chaka chino. Oyandikana nafe anayamba kundipatsa moni motsitsa mawu, ndipo mayi wina anasiya kubwereka makapu athu. Mutinta naye ndinkamupeza akuyang'anitsitsa mwana.

Ndinalimba mtima n'kupita kuchipatala. Dokotala wake anali wachifatse. Anandipeza ndi likodzo, anatinso magazi ndi ochepa pang'ono. Anandipatsa mankhwala a likodzolo ndi timapilisi tofiira towonjezera magazi. Anandilangiza kudya chiwindi, kapenta ndi masamba, kumwa madzi othira kamchere ndi shuga ndisanayambe kukwera, ndiponso kupuma tsiku limodzi pasabata. Za matenda atsopanowa ananditenga magazi, ndipo ndinadikira masabata awiri amene sindifuna kuwakumbukira. Zotsatira zinabwera zabwino. Mutinta analira mpaka kukhala pansi pabwalo. Ndikutuluka, dokotala uja anandifunsa ngati pali chinthu chimene chikundidya mumtima. Ndinati palibe.

Malangizowo anathandiza ndithu, sindinganame. Chizungulire chinatha, nkhope inabwerera. Koma kulemera kwa m'mapewa sikunasunthe. Ndiponso panali china chimene sindinauze dokotala. Pokwera phompho pali malo ena pomwe njira imakhota pansi pa thanthwe lalikulu, mkokomo wa madzi n'kuzimiririka. Ndikafika pamenepo, dzuwa lili pamutu, ndinkamva fungo la fodya wanu wa m'mphuno. Ndikatembenuka ndinkangoona miyala yakuda ndi anyani ali chete. Kenako katundu ankalemera, ndipo m'khosi munkandithina ngati mwakolekedwa mikono.

Mu Novembala ndinagwetsa bwato pamalo omwewo. Linagubuduka n'kuphonya pang'ono mtsikana wachizungu amene ankakwera pambuyo panga. Kapitawo sanakalipe. Anangondiitanira pambali n'kundiuza kuti akundipatsa mpaka kutha kwa mwezi, ndipo ndikapanda kusintha malo anga apereka kwa wina. Ndinaganiza za Luyando, ndi za alamu amene amangokhala pakhonde tsiku lonse.

Tsiku lomwelo pobwerera, pa lole, Ba Mubita anadzakhala pafupi nane. Simukuwadziwa. Ndi bambo wachilozi wachikulire, wosayankhulayankhula, amene anayamba ntchito inu mutapita kale, ndipo kwathu sanafikeko. Iwo anali atafika kale pamwamba pamene bwato linkagwa, ndipo ankayang'ana pansi. Anadikira kuti lole ilowe mumsewu wa miyala, anthu asamve, kenako anandifunsa chapansipansi.

"Ba Tobi, nanga agogo aja mumawanyamuliranji pamodzi ndi bwato?"

Ndinati agogo ati. Anati mayi wamng'ono thupi, wa duku yabuluu, amene amakhala atandikoleka m'khosi, phazi limodzi lili ndi patapata, linalo lili lopanda. Anati aka sikanali koyamba kumuona, koma ankaona ngati si nkhani yawo. Atatero anatembenuka n'kumayang'ana kutchire mpaka m'tauni.

Amayi, m'dzuwa lonse lija ndinazizidwa mpaka mano kugundana. Za duku munthu akhoza kulota. Koma za patapata palibe amene ankadziwa.

Munkati wobisa matenda maliro adzamuulula. Ine ndinabisa, ngakhale kwa Esinati. Tsopano ndinena, ngakhale inu munalipo.

Linali Lamlungu la mu Okutobala. Nditabwera kutchalitchi ndinakupezani mwagona pamphasa, simukuyankha. Mutinta anali kwawo. Ndinathamangira kumsewu, maminibasi awiri anadutsa ali odzaza, wilibala ya oyandikana nafe inali itabwerekedwa. Ndinakumangani duku, n'kukuberekani. Munali opepuka. Patapata imodzi inagwa tikutuluka pampanda, ndinaiona koma sindinaime. Njira yonse ya m'Maramba munali chete. Titafika podutsa njanji, pamtengo wa mango uja, munayankhula m'khutu mwanga, mawu anu enieni.

"Tobi, nditsitse pano. Kuchipatala sindikufunako. Undipititse kwathu ku Katete."

Ndinati tatsala pang'ono, Amayi, pirirani. Munabwerezanso titafika pamsewu waukulu, ndipo ndinawonjezera liwiro. Kachitatu munanena tili pachipata penipeni pa chipatala. Ndinangolowa nanu.

Anamwino awiri anavutika kumasula mikono yanu m'khosi mwanga. Wamkulu wa iwo anakugwirani pachibwano, anakugwirani zala, kenako anandiyang'ana mwachisoni n'kundifunsa kuti mwamwalira nthawi yanji. Ndinati mwangoyankhula kumene pachipata. Anapukusa mutu. Anati thupi lauma kale, papita maola, mwina ndinakunyamulani pamphasa paja mutapita kale.

Ndinadziuza kuti linali dzuwa ndi mantha. Pamaliro, amalume atafunsa ngati munasiya mawu, ndinati ayi. Ndinaopa kutchedwa wamisala, komanso ndinkadziwa kuti ku Katete ndi kutali, sitikanatha kukufikitsani m'kutentha kuja. Tinakuikani konkuno, pakati pa anthu amene chinenero chawo simunachiphunzire n'komwe.

Nditatsika lole ya Ba Mubita ija ndinakafotokozera Mutinta zonse. Anali akuchapa matewera. Anamvetsera osandidula, manja ali m'beseni, ndipo nditamaliza anati:

"Batate ba Luyando, munthu akakamba kuti nitsitseni, ni kumutsitsa."

Lamlungu lotsatira ndinapita kunjanji ndekha, nthawi yomwe ija. Kunalibe sitima, kunalibe mphepo. Pansi pa mango panali mayi wina wogulitsa mtedza wokazinga, akuwodzera. Ndinapita kuseri kwa mtengo, ndinatembenuzira msana ku tsinde, n'kugwada pang'onopang'ono monga amachitira mayi potsitsa mwana. Ndinati tsikani, Amayi, pepani ndinakukanirani. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Ndinkangomva nyenje zikulira. Kenako nyenjezo zinaleka zonse pamodzi, ndipo m'khosi mwanga munadutsa kamphepo, monga zimakhalira ukavula mpango umene wavala tsiku lonse. Nditaimirira ndinadzandira, chifukwa ndinadzuka ndi mphamvu ya munthu wosenza katundu, pomwe katunduyo panalibe.

Ndinafika kunyumba n'kugona, ndipo ndinadzuka mawa lake m'mawa ndili ndi njala. Kuyambira pamenepo mphamvu zakhala zikubwerera, osati tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono. Timapilisi tija ndikumwabe, phala ndikudyabe, botolo la madzi a mchere ndi shuga silichoka m'chikwama. Esinati, amene tsopano ndinamuuza, akuti ndi mankhwala a kuchipatala amene agwira mochedwa, ndiponso kuti mtima ukatula nkhawa thupi limapepuka. Mwina akunena zoona. Kapitawo sanatchulenso za kutha kwa mwezi. Pathanthwe paja ndimadutsa osamva fungo lililonse. Dzulo ndinayenda ndi Luyando pamapewa mpaka kumsika ndi kubwerera.

Ndikanakonda kalata ino ithere pamenepa.

Lachinayi lapitali ndinadutsa panjanji popita kukatenga mapilisi ena. Mayi wa mtedza uja anandikodola. Ndinaganiza kuti akufuna ndimugule, koma anandifunsa, akupitiriza kuthira mtedza m'timapepala:

"Ba mayi banu baja munabasiya apa, mudzabwera liti kudzabatenga?"

Anati tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu amakupezani mutakhala patsinde, miyendo mutatambasula. Akakupatsani mtedza mumakana mwaulemu. Mumangomufunsa ngati basi ya kum'mawa imadutsa pamenepo. Iye amakuuzani kuti ayi, imakwereredwa m'tauni, ndipo mumagwedeza mutu n'kukhalabe. Akatembenuka kuthandiza wogula, pobwerera amapeza palibe munthu. Sankaoneka wamantha. Anandidzudzula chabe kuti si bwino kusiya munthu wamkulu padzuwa.

Ndinayang'ana patsindepo. Panali mango atatu akugwa okha ndi nyerere. Koma ndinavula chipewa.

Ndazindikira kulakwa kwanga, Amayi. Munapempha zinthu ziwiri, ine ndachita chimodzi. Ndakutsitsani panjira, pomwe si kwanu, si kwanga.

Ndiye imvani zimene tagwirizana ndi Esinati. Madzi a Zambezi ayamba kukwera. Akadzadzaza phompho mabwato adzaima kwa kanthawi, ndipo ine ndidzakhala womasuka. Tidzatapa dothi pamanda anu m'kansalu koyera. Amalume tawalembera kale kuti akonze malo pafupi ndi agogo. Tidzayamba tadutsa pa mango, ndidzagwada, ndipo mudzakwera. Ndikudziwa kulemera kwake ndipo sindikuopa, chifukwa ulendo uno ndikudziwa kokakutulani. Ndidzakuberekani mpaka pokwerera basi, ku Lusaka tidzasintha, ndipo mpando wa pawindo udzakhala wanu kuti mudzaone mapiri akayamba.

Pakadali pano, dzuwa likamasuntha muzisuntha ndi mthunzi. Sitima ikamabwera musayandikire. Ndipo ndikupemphani chinthu chimodzi, Amayi. Pamenepo pamadutsa anthu ambiri, ana asukulu, azimayi apakati, anthu odwala opita kuchipatala. Ngakhale wina ataima n'kuwerama kuti amange nsapato, musakwere pamsana pake. Mundidikire ine. Ndikubwera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tobiyasi