Malo a Amayi Pambali pa Bambo

12 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo nkhaniyi pafoni ingandikanike.

Paja ntchito yanga ya uloya ku khonsolo ndi kuona ngati zofuna za akuluakulu zikuloledwa ndi malamulo. Mapaipi a madzi m'tauni muno anatheratu, chipatala chimakhala masiku osaona ndi dontho lomwe, ndipo khonsolo ilibe pogwira. Ndiye makhansala agwirizana zogulitsa mbali ya manda imene sinaikidwe anthu, kuti ndalamazo zigulire mapaipi. Wogula alipo kale, akufuna kumangapo pomwetsera mafuta.

Pamsonkhano wa makhansala, woyeza malo atayala mapu patebulo, maso anga anathamangira kumzere womaliza, kumene tinaika bambo. Achimwene, pamapupo mpanda wa wogula ukudutsa m'mphepete mwenimweni mwa chiliza chawo. Malo aja amayi amalambula chaka ndi chaka, amene amati adzagonapo, agwera kwa wogula.

Pantchito pathu loya akakhudzidwa ndi nkhani amanena poyera n'kuisiyira wina. Ndinaimirira n'kunena. Wapampando anavula magalasi nati, "Mayi loya, m'chipinda muno ndani alibe wake kumeneko? Ine kuli ana anga awiri. Tikatuluka tonse atsala ndani? Khalani pansi mutiuze za lamulo."

Ndinafufuza, achimwene, mpaka maso kuwawa, kufuna kampata ngakhale kakang'ono. Palibe. Malowo ndi a khonsolo, ndipo ife sitinawalembetse, tinkangoti aliyense akudziwa. Ndinakanong'oneza woyeza uja kuti asunthe mpanda pang'ono chabe. Iye anati, "Ndikasunthira inu, mawa mabanja onse a mzere umenewo ali pakhomo panga." Sananame. Ndinasaina kuti malowo agulitsidwe.

Inu munkandiseka kuti ndinapitira kusukulu kukangana basi. Ha, lero ndasowa wokangana naye! Madziwo akufunikadi, ndikudziwa, koma ndapsa mtima ndipo sindikudziwa kuti ndipsere ndani.

Amayi sindinawauze. Loweruka ndinawaperekeza kumandako, iwo akuzula udzu ine nditawagwirira khasu. Pempho langa ndi limodzi: bwerani mpanda usanamangidwe, tidzawauze tili awiri. Ndinu wamkulu, musandisiyire ndekha zimenezi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi nawo akupereka moni. Atandiona ndikulemba anati ndikuuzeni kuti miyendo ikuwavutabe, koma musade nkhawa. Akuti tsiku lawo likadzafika simudzavutika ndi pogona pawo, poti mwana wawo ali ku khonsolo komweko.

Ine mlongo wanu,
Mzime