Peni ya Atate Yabwera Yowala

Nangongwe, Kafue
12 Ogasiti 2024

Okondedwa akulu anga Agatha,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse ku Katete. Miyendo ya amayi ikuti bwanji? Nanga mwana wanu Winfrida, masiku ayandikira? Ife kuno tilipo, kungoti mphepo ya mwezi uno yatipatsa chifuwa nyumba yonse.

Alamu a Fanwell anafika bwino Lachiwiri monga munawatumira, kudzatenga peni yanu kuti mukamangirire pa mkuzi wa mdzukulu akabadwa. Ndinatulutsa mapeni awiri aja oboola pakati, a njovu, amene atate anativeka m'chiuno tili makanda. Chimwalirire atate ndawasunga m'kachitini ka fodya, ndipo ada bii.

Amuna anu atawaona anaseka, nati zakuda chonchi sangapite nazo kwa mwana. Anati ali ndi mnzawo kumafakitale amene amatsuka zitsulo ndi asidi. Ndinakana, koma mukuwadziwa pakamwa pawo.

"Mulamu, osayopa, nizabwela nayo yowala monga yamanje," anatero, peni ili kale m'thumba.

Anagona konko masiku awiri. Pobwera anali ndi nsapato zatsopano, ndipo peni inali yowaladi, mbee. Anaitulutsa msangamsanga n'kuibwezera m'thumba, mpaka ndinachita kuwapempha kuti ndiigwire. Mtima wanga sunakhazikike, akulu.

Ndinapita ndi yanga kwa a Lastone, mkulu wina woyandikana nafe amene anapuma ntchito ya njanji ndipo amasunga ndalama zakale. Anandiuza kuti asidi, mandimu, phulusa kapena mchenga zimadya nkhope ya ndalama ya kopa. Iwo amangoiviika m'madzi ofunda a sopo pang'ono, n'kuipukuta ndi kansalu kofewa mosakwecha, kenako kuiumitsa bwinobwino. Litsiro likakanirira amaisiya m'mafuta ophikira sabata yathunthu. Kuda kwakeko anati n'kusiya, chifukwa ndiko kumaiteteza. Anandiuzanso kuti kuli anthu ochokera ku Lusaka amene akuzungulira kufuna mapeni akale osatsukidwa, ndipo ena amapereka ina yopalapala m'malo mwake.

Ndinatsuka yanga momwemo. Litsiro litachoka, panatuluka chilembo E cha dzina langa chimene atate anazokota ndi msomali pansi pa njovu. Ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa ndinali nditaiwala kuti chilipo.

Pa imene abweretsa alamu palibe chilembo A cha dzina lanu. Nditawafunsa anati asidi ndiye anafuta, ndipo mwina n'zoona. Koma mukukumbukira kuti bowo la peni yanu linadyeka mbali imodzi ndi chingwe, poti inu munaivala mpaka mutayamba sukulu? Tinkakusekani nalo kuti likuoneka ngati dzira. Bowo la iyi ndi lozungulira bwinobwino. Asidi angafute chilembo, koma sindinamvepo kuti amabwezera chitsulo pamene chinadyeka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Sindikunena kuti amuna anu agulitsa. Mwina mnzawoyo ndiye anawapusitsa, iwo osadziwa. Ine ndangoona nsapato ndi bowo, ndipo zandiwawa kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu akafika Loweruka, yowalayo musamuveke mwana. Kufunsa kapena kusafunsa ndasiyira inu, banja ndi lanu. Ine ndasokerera peni yanga mumpendero wa chitenje chimene ndatumizira Winfrida, ndipo anyamula ndi alamu omwewo osadziwa. Musomole nokha. Chilembo chake ndi changa, koma dzanja limene linazokota ndi la atate, ndipo ndi limene ndikufuna lifike pa mdzukulu wanu. Ikubwera yakuda ndithu, wina asakuuzeni kuti akaiyeretse.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa Winfrida. Mumuuze kuti ndikumupempherera kuti achire bwino. Nkhani iyi amayi asaimve.

Ndine mng'ono wanu,
Ennie