Nsalu ya Asiyatu

Lachisanu. Dzanja likuwawabe.

Lachisanu lomaliza mkazi wanga Asiyatu asanagundidwe ndi galimoto ku Al Markhiya, anali pa ofu. Anabwera kuno ku Rawdat Al Khail, kumene ndimagona, anakhala pansi n'kumapeta maluwa ofiira pansalu ya patebulo. Ankadula ulusi ndi mano, ine ndikumuletsa. Anati, "Bambo, manowa ndi anga." Duwa lachinayi sanalimalize.

Lero pobwera kumzikiti ku swala ya Juma ndapeza Yusufu, amene timagona naye chipinda chimodzi, akupukutira mafuta a m'chiwaya nsalu yomweyo. Anaitenga pamwamba pa sutikesi ya malemu. Ndamumenya pakamwa, wagwera pabedi, ndamumenyanso kawiri. Dzino laguluka. Chibadwire sindinamenyepo munthu.

Magazi ali chuchuchu, wati, "Achimwene, wallahi ndimayesa sanza."

Foni inali m'manja mwake. Akanangoimbira apolisi, bwenzi ndikugona m'selo, kenako pandege kundibweza kwathu, ntchito itatha. Ndaima chilili, kudikira. Waiyang'ana foniyo nthawi yaitali n'kuiika pansi.

"Khalasi, zatha. Ndipatseni chopukutira."

Panalibe china pafupi. Ndamupatsa nsalu ija, waisindikiza pamlomo.

Mlamu wanga wakhala akundiimbira kuti arubaini, mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirire, inadutsa kalekale, zovala za malemu zimayenera kuperekedwa kwa osowa. Ndinkangoti ndamva. Itatha swala ya Asiri chakumadzulo ndatseka sutikesi, muli mikanjo yake ya abaya, nsapato, ulusi ndi masingano, n'kukaisiya kumzikiti. Yusufu wandigwirira mbali ina potsika masitepe, mlomo uli wotupa.