Galu wa m'khola la mathole

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YOONA ZA UMOYO WA ZIWETO PA FAMU

Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti
Malo: Ofesi ya kuseri kwa nyumba yokamira mkaka

Amene analipo: Wapampando, amenenso ndi mwini famu, Dokotala wa ziweto, Mayi Netiweki, woyang'anira makompyuta, Alonda, Malume, mlongo wa mayi ake a Wapampando, amene alera mathole pano chiyambire famu, ndi Mlembi.

Amene sanabwere: Woyendetsa thirakitala, amene anatumiza mawu kuti tayala laphulika. Mlembi anamuona pazenera atagona pamthunzi wa thirakitalayo, koma walemba zimene anauzidwa.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Anapempha kuti mafoni akhale patebulo osazimitsa, popeza malamba amene tinaveka mathole m'khosi amatumiza uthenga kumeneko. Lamba aliyense ali ndi kachipangizo koona ngati thole likuyenda, lagona kapena latentha thupi. Wapampando anati nkhani yaikulu ya lero ndi imodzi: Malume apempha kusiya ntchito kumapeto kwa mwezi uno. Ananena zimenezi akuyang'ana khoma. Malume anali atavula chipewa n'kuchiika pabondo.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anaziwerenga ndipo zinavomerezedwa. Alonda okha ndiwo anadandaula ndi mawu akuti "galu amene palibe anamuonapo", nati akuwachotsa ulemu. Wapampando anafunsa ngati iwo anamuonapo. Alonda anati anaona mapazi. Atafunsidwa kuti mapazi a chiyani, anati pamalopo panali matope. Mawuwo anasiyidwa momwe analili.

3. Pempho la Malume

Dokotala anakumbutsa komiti za Kadontho, thole la banga pamphumi. Mwezi watha lamba wake anatumiza uthenga kuti thupi latentha ndipo likugona kwambiri. Malume analiyang'ana nati lili bwino, kachipangizoko ndiko kapenga. Dokotala anabwerabe, napeza chibayo chikungoyamba kumene. Kadontho anabayidwa jakisoni, anachira, ndipo pano akudya ngati akubwezera. Sabata yomweyo Malume anadzipempha okha kuti achoke m'khola akagwire kunyumba yosungira zakudya za ziweto, ndipo chichokereni sanapondemonso.

Malume anapatsidwa mpata wolankhula. Anaimirira, ngakhale komiti ino siimiritsa munthu. Anati: "Mayi Wapampando, maso anga atha. Kale thole ndinkaliona khutu lokha ndadziwa kuti mawa lidwala. Kadontho ndinamuyang'ana kumaso chonchi, ndinati ali bwino. Akanandimvera, bwenzi titakwirira. Kachinthu ka m'khosi kaja kamaona kuposa ine, ndiye ine ndikudyeranji pano? Matumba a gaga sasowa mlezi. Ndiloleni ndizipita."

Mayi Netiweki anati kachipangizoko sikanabwere kudzachotsa munthu aliyense. Malume anayankha kuti: "Sindikukwiyira inu, mwana wanga. Munachita bwino. Ndikukwiyira maso angawa."

Wapampando anati komiti imve kaye nkhani yotsatira isanagamule. Mlembi, amene wakhala nawo nthawi yaitali, anadziwa kuti akungozengereza.

4. Mathole achepetsa kuyamwa

Mayi Netiweki anatembenuza kompyuta kuti onse aone. Anati makina oyamwitsa amazindikira thole lililonse ndi lamba wake, ndipo akuonetsa kuti masabata apitawa mathole ambiri sakumaliza mkaka wawo. Malamba nawonso akuonetsa kuti masana amangogona. Dokotala anati anawapima onse: palibe lotentha thupi, palibe lotsekula m'mimba, udzu woyala ndi wouma, mkaka ukusungunulidwa bwino. Anati mathole sakudwala, koma afooka mtima, ndipo thole lotere matenda salichedwera. Anavomera kuti sakudziwa jakisoni woti awabaye.

Alonda anati mathole akanayenera kunenepa tsopano, chifukwa galu uja anamuthamangitsa. Apa mlembi akumbutse mamembala chiyambi cha nkhaniyi. Chivekereni malamba, pafupifupi tsiku lililonse dzuwa likapendeka mafoni ankalira ndi uthenga woti mathole adzidzimuka, onse adzuka nthawi imodzi ndipo akuthamanga. A kampani imene inatigulitsa malamba anati kawirikawiri zimenezi zimachitika galu akalowa m'khola. Choncho foni ikalira tonse tinkathamangira kumeneko, Alonda patsogolo ndi chibonga. Tinkapeza Malume okha pakati pa mathole. Tikawafunsa ankati sanaone galu aliyense, kenako ankatola ndodo n'kutithandiza kusaka kuseri kwa mathanki. Mpanda unasokedwa kawiri. Mlembi anataya nsapato imodzi m'ngalande ya ndowe, ndipo mpaka lero sinapezeke.

Mayi Netiweki anafunsa Alonda kuti galuyo anasiya liti kubwera. Alonda anati mwezi watha, atamuopseza ndi tochi. Mayi Netiweki anati anakhala pansi n'kubwerera m'mbuyo kuona masiku onse amene mafoni analira. Anapeza kuti galuyo sanabwerepo Lamulungu ngakhale limodzi. Alonda anati mwina mwini wake amamumanga tsiku limenelo. Mayi Netiweki anati galuyo sanabwerenso sabata imene Malume anadwala msana. Ndipo anasiyiratu tsiku lomwe Malume anasamukira ku matumba a gaga.

Onse anatembenukira kwa Malume. Kenako Dokotala anayamba kuseka mpaka anavula magalasi.

Malume anakwiya pang'ono. Anati: "Ndiye mukuti galuyo ndine? Ine ndiopseze ana anga omwe?"

Mayi Netiweki anati ayi. Anafotokoza kuti lamba amangodziwa kuti thole ladzuka ndipo likuthamanga, koma sadziwa ngati likuthawa kapena likuthamangira munthu. Anafunsa Malume chimene ankachita nthawi imeneyo. Malume anati palibe, ntchito inkakhala itatha. Ankangolowa akuimba mluzu, kuwakanda pansi pa chibwano, kuwapatsa zala kuti ayamwe, ndi kuwayendetsa uku ndi uku m'khola kuti awongole miyendo. Anati: "Imeneyo si ntchito. Ndimangokatsanzikana nawo ndisanaweruke."

Dokotala anati imeneyo ndi ntchito, ndipo ndi imene ikusowa m'kholamo. Anati thole losewera ndi thole la moyo, ndipo likadumphadumpha limamva njala n'kupita lokha kukayamwa. Anatinso thole limene anzake onse adzuka ilo n'kutsala chigonere, makina amalizindikira msanga, choncho mluzu wa Malume wakhala ukuthandiza malamba popanda wina kudziwa.

Alonda anapempha kuti zilembedwe kuti mapazi aja anawaonadi. Malume anati mwina anali awo. Zalembedwa.

5. Kubwerera ku pempho la Malume

Wapampando anasiya chilankhulo cha komiti. Anati: "Malume, maso tinagula kale, ali m'khosi mwa mathole. Palibe akukupemphani maso. Inu munandilera ine mayi atamwalira, ndipo sindikukumbuka kuti munkandipima thupi. Ndikukumbuka kuti mukafika pakhomo ndinkathamanga. Musandisiyire khola lachete chonchi."

Malume anati: "Nanga ndikadzalakwitsanso, mwana wanga?"

Dokotala anati akadzalakwitsa foni idzalira, iye adzabwera ndi jakisoni, monga zinachitikira kwa Kadontho. Anati nayenso walakwitsa mwezi wonse kufunafuna matenda pamene panalibe. Mayi Netiweki anati iye ndiye anasakitsa anthu akuluakulu galu wa m'kompyuta, ndipo sakuganiza zosiya ntchito.

Komiti inagwirizana kuti Malume abwerere m'khola la mathole, za kutentha thupi azisiyira malamba, ndipo matumba a gaga apatsidwe woyendetsa thirakitala, amene akuoneka kuti ali ndi nthawi. Wapampando anati chigamulochi sichingakakamize munthu, mawu omaliza ndi a mwini wake.

Malume anaimiriranso. Anapotokola chipewa chawo, nati m'ofesimo mwatentha, apempha kukapuma mphepo panja. Analoledwa. Anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Mlembi anena poyera kuti apa anamva chisoni, chifukwa wawadziwa Malume zaka zambiri ndipo akati apite amapitadi. Wapampando anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, nati msonkhano upitirire.

6. Zina ndi zina

Mayi Netiweki anati mabatire a malamba angapo afooka ndipo asinthidwa sabata yamawa. Anapemphanso kuti mtengo wa kuseri kwa khola usadzidwe nthambi chifukwa ukutchinga netiweki. Alonda anati nthambi zimenezo ndi zimene zimawatchingira mvula. Palibe anali ndi mtima wokangana, ndipo nkhaniyi inasungidwira msonkhano wina.

Alonda anafunsanso ngati chibonga chija abweze kusitolo. Wapampando asanayankhe, mafoni onse patebulo analira pamodzi. Uthenga unali woti mathole adzidzimuka, onse adzuka ndipo akuthamanga. Alonda anali atafika kale pachitseko. Wapampando anati: "Khalani pansi, Alonda. Musiyeni galuyo."

Mayi Netiweki anatsegula zenera. Kuchokera kukhola kunkamveka mluzu, ndi ziboda zikugunda pansi.

7. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wamawa, mu ofesi yomweyi. Wapampando anatseka msonkhano 4 koloko itangodutsa, ali chiimire, ndipo anatuluka osatenga foni yawo. Mlembi anafunsa kumbuyo kwawo kuti pa pempho la Malume alembe chiyani, popeza mwini wake sanayankhe. Wapampando anayankha ali panja kuti: "Lembani kuti ali pantchito."

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________