Kalata ya a Pulofesa Lindqvist

Quang wanga,

Pepa, galimoto ndatenga, ndathamangira ku mzinda wa Duluth. Pempho lathu lokhazikika kuno ku Amereka lili mu envulopu patebulopo. Chonde usalitumize.

Loya wathu waimba m'mawa uno. Akuti, "Mayi Diem, mwa makalata asanu ochitira umboni kafukufuku wanu, yokoma kwambiri ndi ya a Pulofesa Lindqvist. Koma mukudziwa kuti anaikidwa m'manda mu Febuluwale? Nanga asaina bwanji mu Epulo?"

Quang, kalatayo ndinalemba ndekha, monga timachitira tonse, n'kuwatumizira kuti angosaina. Inabwerako itasainidwa ndi inki yawo yobiriwira ija, atakonzamonso mawu awiri amene ndimalakwitsa nthawi zonse. Aboma akazindikira, adzati ndinapeka ndine, ndiye viza ikatha mu Juni tizilongedza.

Umandinena kuti ndimakonda zinsinsi. Lero zandikwana! Usandiseke, ndatapako zofukiza paguwa la makolo athu.

Ndikupita kwa mkazi wa Pulofesayo. Nditawaimbira foni sanadabwe n'komwe. Anangoti, "Bwera mwanangu, usachedwe. Kuyambira dzulo amuna anga akungofunsa za iwe."

Wako,
Diem